Magazi angatiuze chiyani za COPD mwa achikulire? Mafunso ndi mayankho

Miyezi ya Juni ndi Julayi, Mzuzu akakutidwa ndi chifunga ndi kamvula kowaza kaja, mabenchi a m'zipatala amadzaza ndi agogo opuma mobanika. Ambiri amaperekezedwa ndi ana kapena adzukulu, ndipo pempho la operekezawo ndi limodzi: "Adokotala, muwayeze magazi." Malungo, HIV ndi shuga zinatizoloweretsa kuganiza kuti nthenda iliyonse imaonekera m'magazi. Pa COPD, matenda okhalitsa a m'mapapo, sizili choncho. Magazi sapeza matendawa. Ntchito yake ndi kuthandiza posankha mankhwala, ndipo manambala ake ayenera kuwerengedwa ndi munthu wodziwa matenda a kwathu kuno, chifukwa malire amene mabuku amagwiritsa ntchito anakhazikitsidwa poyeza anthu a ku Ulaya ndi ku America.

COPD ndi matenda anji? Si mphumu yomweyi?

Ayi, ngakhale zimafanana pomveka. Mu COPD tinjira ta mpweya ta m'mapapo timatupa mkati, timachepa ndi kudzaza makhololo, pamene timatumba tating'onoting'ono tomwe mpweya wabwino umalowera m'magazi timawonongeka n'kusiya kutamuka. Mpweya umalowa ndithu, koma kutuluka ndiye vuto. Mphumu kawirikawiri imayamba munthu ali wamng'ono, imabwera n'kupita, ndipo pakati pake munthu amapuma bwinobwino. COPD imaonekera munthu atadutsa zaka 40, imabwera mwakachetechete, ndipo phuma lake silichoka. Bambo amene ankakwera zitunda za ku Masasa atasenza thumba la chimanga amayamba kuima kawiri panjira ali chimanjamanja, apabanja n'kumati ndi ukalamba. Bungwe la WHO limati mu 2021 matendawa anapha anthu 3.5 miliyoni, ndipo anali pa nambala 4 pa matenda opha anthu ambiri padziko lonse.

Amayi anga sanasutepo fodya chibadwire. Angakhale nayo bwanji?

Funsoli limabwera ndi kaukali pang'ono, ngati kuti adokotala awanamizira amayiwo. Fodya, kaya wa m'paketi kaya chingambwe, ndiye gwero lalikulu m'mayiko olemera. Kuno njira ndi zambiri. Mayi amene wakhala pa mafuwa zaka makumi asanu, m'kakhitchini kopanda zenera kodenga lakuda bii ndi mwaye, wapuma utsi wochuluka kuposa momwe iye mwini angaganizire. Ku Mzuzu kuno timawonjezera pamenepo: kukazizira timalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka zitseko ndi mazenera, chizolowezi chomwe chimathanso kupha banja lonse usiku umodzi chifukwa cha mpweya woipa wa makala.

Palinso chifuwa chachikulu. Munthu amatha kumwa mankhwala miyezi 6, kachilombo n'kutheratu, koma mapapo n'kutsala ndi zipsera. Kafukufuku wa ku Blantyre amene anatuluka mu 2020 anatsatira anthu 405 omaliza mankhwala a TB, ndipo anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse mapapo ake sankakoka kapena kutulutsa mpweya moyenera. HIV nayo imafulumizitsa kuwonongeka kwa mapapo ngakhale mwa osasuta. Azibambo amene anapita ku migodi ya ku Joni pa TEBA, kapena amene agwira ntchito pa malasha ku Mchenga ku Rumphi, anapuma fumbi lomwe zotsatira zake zimaonekera patapita zaka zambiri. Ndiye pali chiyambi cha moyo: mapapo amakula mpaka munthu akafika zaka 20 kapena 25, ndipo mwana amene ananyentchera kapena kudwaladwala chibayo amalowa uchikulire ndi mapapo ochepa kale.

Mfundo yomalizayi ndi yaikulu kuno. Ofufuza atayeza mapapo a anthu m'makomo, anapeza kuti otsekeka tinjira ta mpweya anali pafupifupi 4 pa 100 alionse mumzinda wa Blantyre ndi pafupifupi 9 pa 100 alionse ku Chikwawa, koma oposa mmodzi mwa atatu anali ndi mapapo osunga mpweya wochepa poyerekeza ndi muyezo wakunja. Choncho si wachikulire aliyense wa phuma amene ali ndi COPD.

Ndiye amaipeza bwanji ngati si m'magazi?

Ndi makina a spirometry. Wodwala amakoka mpweya mpaka chifuwa kudzaza, kenaka amauzira m'kapaipi mwamphamvu zake zonse mpaka mpweya utathe. Makinawo amayerekeza mpweya wotuluka m'sekondi yoyamba ndi mpweya wonse umene watuluka. Ngati munthu wapopera kale mankhwala otsegula chifuwa monga salbutamol koma chiwerengerocho chili pansi pa 0.7, kutanthauza kuti mpweya wa sekondi yoyamba sunafike magawo 70 pa 100 a mpweya wonsewo, pamodzi ndi zizindikiro ndi mbiri yake, ndiye COPD.

Kwa okalamba pali zosokoneza ziwiri. Chiwerengerochi chimatsika chokha munthu akamakula, moti agogo a zaka 78 opanda vuto lililonse angapezeke pansi pa 0.7. Komanso kuuzira kwake kumafuna luso: agogo opanda mano, kapena amene sanamvetse malangizo chifukwa awauza m'Chichewa chothamanga pomwe iwo amamva bwino Chitumbuka kapena Chitonga, amatulutsa zotsatira zabodza. Khalani pambali pawo muziwamasulira. Makinawa sapezeka pachipatala chilichonse, ndiye pemphani adokotala a komwe mumapita, kaya ku Mapale, ku St John's kapena ku Ekwendeni, akuuzeni komwe angakutumizeni. Mzuzu Central Hospital ndiye chipatala cholandira otumizidwa a chigawo chonse cha kumpoto. Ndipo asanauzire m'makina aliwonse, wotsokomola ayambe wapereka makhololo kuti ayezedwe TB.

Nanga magazi amawatengeranji?

Kuti ayankhe mafunso ena amene makina ouzira aja sangayankhe. Kodi wodwalayu mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa steroid angamuthandize kapena angomuvulaza? Lero wabwera chifuwa chitamuthina, akufunika maantibayotiki? Phuma lakeli likuchokera m'mapapo mokha kapena mtima nawo wafooka? Magazi ake ndi okwanira? Pa funso lililonse pali chinthu china m'magazi chimene kuchuluka kwake kumapereka chithunzi. Zomwe zili ndi ntchito yeniyeni kuchipatala lero ndi zochepa: maselo otchedwa eosinophil, puloteni ya CRP, hemoglobini, BNP ya mtima, ndi mpweya wa m'magazi. Zina zonse zimene mungawerenge pa intaneti zikadali m'manja mwa ofufuza.

Ma eosinophil ndi chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani adokotala amawalabadira chonchi?

Ndi mtundu umodzi wa maselo oyera a m'magazi. Ntchito yawo yachibadwa ndi kulimbana ndi nyongolotsi, ndipo amachulukanso mwa anthu a mphumu ndi amene thupi lawo limadana ndi zinthu zina. Mwa odwala COPD ena, kutupa kwa m'tinjira ta mpweya kumayendetsedwa ndi maselo amenewa, ndipo kutupa kwa mtundu umenewu ndi kumene kumamva mankhwala a steroid. Mwa ena kutupako kumayendetsedwa ndi maselo ena amene steroid sawakhudza kwenikweni. Kunja odwala awiriwa amaoneka chimodzimodzi, amatsokomola chimodzimodzi. Magazi ndi amene amawasiyanitsa.

Kuyambira mu 2019, malangizo a GOLD, amene madokotala padziko lonse amatsata pa COPD, anaika manambala awiri. Wodwala amene ma eosinophil ake ndi 300 kapena kuposa pa mayikulolita imodzi ya magazi, ndipo matenda amamubuka pafupipafupi, inhela yokhala ndi steroid monga beclomethasone ikawonjezedwa pa mankhwala otsegula chifuwa imachepetsa kubukako. Amene ali pansi pa 100 sapindula nayo kwenikweni. Apakati pa 100 ndi 300 adokotala amayang'ana kuti matendawo abuka kangati chaka chathachi.

Wina angati, bwanji osangopereka kwa onse, wopindula apindule? Walira mvula walira matope. Steroid wopopera amawonjezera mpata wodwala chibayo, ndipo m'dziko ngati lathu momwe TB ili ponseponse amawonjezeranso mpata wa TB. Amayambitsa tizilonda toyera m'kamwa ndi kusasa mawu, n'chifukwa chake wopopera ayenera kuchukucha m'kamwa akamaliza. Mapiritsi a prednisolone, steroid wakumwa, ndiye oopsa kwambiri kwa okalamba akamamwedwa mobwerezabwereza: amakweza shuga ndi BP, amafewetsa mafupa, amabweretsa ng'ala. Mu 2012 Mona Bafadhel ndi anzake ku Leicester anasonyeza kuti matenda akabuka, odwala amene ma eosinophil awo anali osapitirira 2 pa 100 alionse a maselo oyera anachira bwinobwino popanda prednisolone. Apa ndi pomwe kuyeza magazi kumapulumutsa munthu ku mankhwala amene sakuwafuna.

Ndinene mosabisa: chizolowezi chogula prednisolone pagolosale kapena pafamase nthawi iliyonse agogo akabanika n'choipa. Tsiku loyamba amapepukidwa, aliyense n'kuyamikira, koma chaka chikamatha mumapeza shuga amene kunalibe.

Ndili ndi pepala la zotsatira m'manja. Ndiwapeza pati?

Kuyeza kwake ndi kuja amalemba kuti FBC, kowerenga maselo onse a m'magazi. Funani mzere wolembedwa EOS kapena EO. Ukhoza kukhala ndi nambala ngati 0.30, yomwe ndi chimodzimodzi ndi 300. Ngati alemba peresenti yokha, chulukitsani ndi nambala ya maselo oyera onse, yolembedwa WBC. Mwachitsanzo WBC ikakhala 6.0, kutanthauza 6,000, ndipo EOS ndi 5%, ndiye kuti ma eosinophil ndi 300. Peresenti payokha imanamiza: 5% ya 3,000 ndi 150 basi.

Makina ena a m'labotale amagawa maselo oyera patatu pokha, ndipo ma eosinophil amawaphatikiza ndi maselo ena pa mzere wolembedwa MID kapena MXD. Pepala lotero silingakuuzeni nambalayi. Pamafunika makina ogawa pasanu, kapena katswiri wa mu labotale awerenge yekha pa maikulosikopu.

Abambo anga ndi a ku Nkhata Bay, ndipo ma eosinophil awo ndi 700. Ndiye kuti akufunika steroid?

Apa m'pamene buku la kunja limasocheretsa munthu wa kunyanja. Malire a 100 ndi 300 aja anachokera kwa odwala a kumayiko komwe likodzo ndi njoka za m'mimba n'zosowa. Kwathu, mwamuna amene wakhala akuwedza ku Usisya kapena ku Chintheche, mayi amene wapalira mpunga m'madzi ku Karonga, agogo amene amalima kudimba opanda nsapato, akhoza kukhala ndi ma eosinophil 700 kapena 1,500 chifukwa cha nyongolotsi, mapapo osakhudzidwa n'komwe. Likodzo mwa wamkulu silichita kuonetsa magazi m'mkodzo nthawi zonse ayi; limatha kukhala phee zaka zambiri. Mankhwala ena amene thupi ladana nawo ndi matenda a pakhungu amakwezanso nambalayi.

Choncho nambala ikakwera, choyamba n'kuyeza mkodzo ndi chimbudzi. Likodzo likapezeka munthu amamwa praziquantel, njoka za m'mimba albendazole, kenaka n'kudikira miyezi ingapo asanayezenso, chifukwa ma eosinophil amatha kukwera kaye munthu atangomwa mankhwala asanayambe kutsika. Nambala yachiwiriyo ndi imene ingakambe za mapapo. Pali chifukwa china chosathamangira steroid: kanyongolotsi kotchedwa Strongyloides kamatha kukhala m'matumbo mwa munthu zaka makumi angapo, ndipo steroid akafooketsa chitetezo kamaswana mosaletseka n'kufalikira mpaka m'mapapo. Zikatero moyo umakhala pachiswe. Likodzo lokhalitsa palokha limathanso kuwononga mitsempha ya magazi ya m'mapapo n'kubweretsa phuma lofanana ndi la COPD.

Maganizo anga ndi akuti kuno nambala yotsika ndi yodalirika kuposa yokwera. Ikakhala pansi pa 100, ndipo yatsika choncho kawiri pa nthawi zosiyana munthu ali bwino, uthenga wake ndi womveka: steroid sathandiza kwenikweni. Ikakwera, yangotsegula mafunso ena. Koma yotsikayo nayo ili ndi msampha wake. Prednisolone amagwetsa ma eosinophil m'maola ochepa, ndipo matenda aakulu a mabakiteriya amawagwetsanso. Magazi otengedwa agogo atagonekedwa m'wodi, atalandira kale mankhwala, sangagwiritsidwe ntchito posankha inhela ya chaka chonse.

Agogo akabanika timawagulira amoxicillin. CRP ingatithandize chiyani pamenepa?

CRP ndi puloteni imene chiwindi chimatulutsa thupi likakumana ndi kutupa. William Tillett ndi Thomas Francis anaipeza mu 1930 ku New York m'magazi a odwala chibayo. Imayamba kukwera patangopita maola 6 mpaka 8, imafika pachimake pakatha masiku awiri, ndipo vuto likatha imatsika msanga. Pali makina ang'onoang'ono oiyeza ndi kadontho ka magazi a pachala, zotsatira n'kutuluka m'mphindi zochepa.

COPD ikabuka, si nthawi zonse pomwe mabakiteriya ndiwo olakwa. Chimfine, utsi, fumbi la mu Okutobala ndi kuzizira zimaibutsanso, ndipo pamenepo amoxicillin ndi kungotaya ndalama ndi kuphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala. Kafukufuku wotchedwa PACE, wa ku England ndi Wales, amene anatuluka mu 2019, anagawa odwala 653 pawiri. Theka anayezedwa CRP: ikakhala pansi pa 20 mg/L madokotala ankalangizidwa kuti maantibayotiki mwina sathandiza, ikapitirira 40 ankalangizidwa kuti athandiza, ndipo pakatipo ankayang'ana mtundu wa makhololo. Mwa oyezedwawo, 57 pa 100 alionse anamwa maantibayotiki, pomwe mwa osayezedwa anali 77, ndipo onse anachira mofanana.

Kumene CRP kulibe, makhololo amathandiza. Akasintha kuchoka koyera n'kukhala achikasu kwambiri kapena obiriwira, akachuluka, phuma n'kukula, mpata woti ndi mabakiteriya ndi waukulu. Koma wosankha akhale wachipatala, osati wogulitsa pagolosale.

CRP ya amayi yakwera koma alibe malungo. Ndi mapapo?

Mwina, mwinanso ayi. CRP ili ngati utsi umene waonekera kuseri kwa phiri: ukudziwa kuti kwinakwake kukupsa, koma sungadziwe ngati ndi tchire, uvuni wa makala kapena nyumba ya munthu. Malungo amaikweza, chilonda cha pamwendo chimaikweza, matenda a m'chikhodzodzo, nyamakazi yotupitsa mfundo, ngakhale kunenepa ndi ukalamba zimaikweza pang'ono. TB ndiye imaikweza kwambiri, moti kuyambira mu 2021 WHO imavomereza CRP yopitirira 5 mg/L ngati njira imodzi yosankhira anthu a HIV oyenera kuyezedwa TB. Wachikulire wa COPD amene CRP yake sikutsika atamwa maantibayotiki, akuonda, akutuluka thukuta usiku kapena akuona magazi m'makhololo, apereke makhololo ku makina oyeza TB a GeneXpert ndi kujambulidwa X-ray. Kuti anadwalapo TB kale sizitanthauza kuti singabwerenso. Khansa ya m'mapapo nayo imabisala kuseri kwa zizindikiro zomwezi, makamaka mwa amene anasuta.

Miyendo yatupa. Ndi mtima kapena mapapo?

Kawirikawiri ndi zonse ziwiri, ndipo n'chifukwa chake COPD ya wokalamba ndi yovuta kuposa ya munthu wa zaka 45. BP imene yakhala zaka zambiri osasamalidwa imafooketsa mtima, madzi n'kumadzaza m'mapapo. Mbali inayi, mapapo owonongeka amapanikiza mbali ya kumanja ya mtima mpaka miyendo ndi mimba kutupa. Mtima ukamavutika umatulutsa puloteni yotchedwa BNP, kapena mnzake NT-proBNP, m'magazi. Ikapezeka yotsika, adokotala amachotsa mtima pa mndandanda wa okayikiridwa. Ikakwera pamafunika kusamala, poti imakwera yokha ndi zaka komanso impso zikafooka. Kuyezaku n'kodula ndipo sikupezeka paliponse. Kuunika mtima ndi sikani, ECG ndi X-ray zimayankha funso lomweli. Chizindikiro cha kunyumba: munthu amene sangagone chagada popanda mitsamiro itatu, kapena amadzidzimuka pakati pa usiku akusowa mpweya, mtima wake uunikidwe.

Akuti magazi awo ndi ochepa. Zikugwirizana ndi phuma?

Kwambiri. Hemoglobini ndi imene imanyamula okosijeni. Ikatsika pansi pa 13 g/dL mwa amuna kapena 12 mwa akazi, mapapo ofooka kale amapatsidwa ntchito ina. Mwa zonse zimene FBC imaonetsa, ichi ndi chimene chimakonzeka mosavuta, bola gwero lake lifufuzidwe: zakudya, njoka za m'mimba, impso, kapena magazi otayika m'matumbo. Zosiyana nazo zimachitikanso. Thupi limene lakhala nthawi yaitali ndi okosijeni wochepa limapanga maselo ofiira ochuluka mpaka magazi kulemera, ndipo nambala ya HCT, yoonetsa kuchuluka kwa maselo ofiira m'magazi, imadutsa 55%. Achibale amasangalala kuti agogo ali ndi magazi ambiri, pomwe ndi chizindikiro choti okosijeni akuperewera.

Kachipangizo kapachala koyeza okosijeni kakuonetsa 90. Tichite mantha?

Kwa munthu wa COPD yodziwika amene wakhala choncho ndipo akulankhula bwinobwino, 90 si yodabwitsa. Matenda akabuka, madokotala amafuna kuti okosijeni akhale pakati pa 88 ndi 92, osapitirira. Ena mwa odwalawa akapatsidwa okosijeni wambiri, mpweya woipa umene thupi limayenera kutulutsa popuma (carbon dioxide) umaunjikana m'magazi, amayamba kusinza, kusokonezeka mutu, mpaka kukomoka. Musamapotokole nokha kampopi ka silinda m'wodi pofuna kuti nambala ifike 99.

Kachipangizoka kali ndi zofooka zake. Zala zozizira, monga zimakhalira m'mawa ku Mzuzu, zimakasokoneza, ndiye yambani mwafunditsa dzanja. Kafukufuku wa ku Michigan wa mu 2020 anasonyezanso kuti pa khungu lakuda kamatha kuonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Ndipo sikaona mpweya woipa wa makala: munthu woledzera ndi mbaula akhoza kuonetsa 98 ali pafupi kufa. Muyezo weniweni wa okosijeni ndi carbon dioxide umachokera m'magazi otengedwa pa mtsempha wogunda wa padzanja, ndipo kuyeza kotere kumachitikira odwala kwambiri m'zipatala zazikulu. Milomo ikada, munthu akamalephera kumaliza chiganizo, akamasinza masana mosadziwika bwino, nyamukani osadikira nambala iliyonse.

Kodi ndi matenda akumtundu? Ana tiyezetse?

Pali mtundu umodzi wotengera ku makolo, wobwera chifukwa chosowa puloteni yoteteza mapapo yotchedwa alpha-1 antitrypsin. Carl-Bertil Laurell ndi Sten Eriksson anauzindikira mu 1963 ku Malmö, m'dziko la Sweden, ndipo umapezeka kwambiri mwa anthu ochokera kumpoto kwa Ulaya. Mwa ife ndi wosowa. Woyenera kuganiziridwa ndi amene wadwala COPD asanafike zaka 45, makamaka ngati pali vuto la chiwindi kapena abale ena odwala chimodzimodzi. Zimene ana ambiri amatengera kwa makolo ndi khitchini yomweyo ndi fodya yemweyo.

Ndawerenga za fibrinogen, SP-D, CC16 ndi zina. Ndikalipire ku labotale yapulaiveti?

Sungani ndalamayo. Fibrinogen ndi puloteni yothandiza magazi kuundana, ndipo n'zoona kuti odwala COPD amene ili yokwera, kuyambira 350 mg/dL, amagonekedwa m'chipatala kawirikawiri ndi kumwalira msanga poyerekeza ndi anzawo. Mu 2015 bungwe la FDA la ku America linaivomereza, koma ngati chida chosankhira anthu olowa m'kafukufuku wa mankhwala, osati chosankhira mankhwala a wodwala mmodzi. Mapuloteni a SP-D ndi CC16 amachokera m'mapapo mwenimweni, IL-6 ndi ya kutupa, ndipo zonsezi zinafufuzidwa mozama m'kafukufuku wa ECLIPSE amene anatsatira odwala oposa 2,000 kwa zaka 3. Zimasiyanitsa magulu a anthu pa pepala, koma palibe imene adokotala angaione n'kusintha mankhwala a agogo anu. Funso limodzi laulere limalosera bwino kuposa zonsezi: matendawa abuka kangati m'miyezi 12 yapitayi? Amene anabukidwa kawiri kapena kuposa, kapena anagonekedwapo, ndiye ali pa chiopsezo chobukidwanso. Ndalama ya fibrinogen ija ikagule inhela, kapena ikaboole zenera kukhitchini.

Mwana wathu wa ku Joni akuti kwabwera jakisoni watsopano wa COPD. N'zoona?

N'zoona. Dupilumab anavomerezedwa ku Ulaya ndi ku America mu 2024, ndipo mepolizumab ku America mu 2025. Onsewa ndi a odwala amene ma eosinophil awo ndi okwera ndipo matenda akubukabe ngakhale akupopera mankhwala atatu a mu inhela, awiri otsegula chifuwa ndi steroid. Pa kafukufuku wa BOREAS wa mu 2023, dupilumab anachepetsa kubuka ndi pafupifupi 30 pa 100. Sachiza mapapo owonongeka, amabayidwa mosalekeza, ndipo mtengo wake ndi wa madola masauzande ambiri pachaka. Odwala ambiri a kuno sanafike n'komwe pa sitepe ya inhela yotsegula chifuwa ya tsiku lonse, ndipo ambiri amene ali ndi salbutamol amapopera molakwika, mankhwala n'kuthera pa lilime. Pemphani anamwino akuonetseni kapoperedwe kodzera m'botolo lapulasitiki la 500 ml lobooledwa kumunsi. Kwa agogo a manja onjenjemera kusiyana kwake n'kwakukulu.

Tikamapita kukayezetsa tikonzekere bwanji?

FBC ndi CRP sizifuna kusala kudya, ndiye agogo adye phala lawo, pokhapokha ngati adokotala anena kuti ayezanso shuga wa m'mawa. Ngati cholinga ndi kuona ma eosinophil posankha inhela, pitani munthu ali bwino, patapita milungu 4 mpaka 6 chibukireni matenda kapena chimalizireni prednisolone. Maselowa amasinthasintha ndi nthawi ya tsiku, choncho poyeza kachiwiri yesetsani kupita nthawi yofanana ndi yoyamba.

Tengani buku lawo la kuchipatala, ndi akale omwe ngati alipo, chifukwa FBC ya zaka ziwiri zapitazo ikhoza kukhala ndi nambala imene adokotala akuifuna lero. Ikani m'jumbo mankhwala onse amene akumwa, a kuchipatala, a pagolosale ndi a zitsamba, kuphatikizapo ma ARV ndi bactrim ngati alipo. Ena mwa ma ARV, aja okhala ndi ritonavir, amachititsa kuti steroid wopopera monga fluticasone kapena budesonide aunjikane m'thupi, ndiye wolemba inhela ayenera kudziwa. Muwauze adokotala ngati agogo anadwalapo TB ndi chaka chake, ngati anagwirapo ntchito mumgodi, ngati amasamba kapena kuchapa kunyanja ndi kumitsinje, komanso kuti chaka chino agona kangati m'chipatala chifukwa cha chifuwa. Zotsatira zikatuluka, pemphani kuti nambala yeniyeni ya EOS, ya CRP ndi ya hemoglobini zilembedwe m'bukumo pamodzi ndi deti, osati mawu oti "normal" okha. Pepala la makina lija limafufutika pakapita miyezi, ndiye lijambuleni pa foni tsiku lomwelo.